Kodi Mumadziwa? Mpando wa M'ndege Uli ndi Mwini Wake

"Aaa, achimwene, mipando ndi imodzimodzi. Ingopezani pena mukhale, tonse tikafika nthawi imodzi." Anandiyankha choncho bambo ena amene ndinawapeza atakhazikika pampando wanga wa pawindo, tsiku lina ndikupita ku Joni. Lamba anali atamanga kale, nsapato atavula. Ine chiimire m'kanjira ka pakati, chikwama kudzanja ili, kachiphaso kolembedwa 17A kudzanja linali, kumbuyo kwanga anthu atandandana mpaka kukhomo. Ndinakodola mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo. Iye sanalimbane nawo. Anangoti, "Bambo, ndione nawo boarding pass yanu," n'kuwalozera mpando wawo, mizere isanu kumbuyo. Anadzuka akung'ung'udza, nsapato zili m'manja.

Zoti tonse tikafika nthawi imodzi, bambowo sananame. Koma zoti mipando ndi imodzimodzi, pamenepo ndiye ayi. Tamvani.

Kodi mumadziwa kuti ndege isananyamuke pamachitika masamu okhudza pamene anthu akhala? Amene anapakirapo chimanga m'ngolo akudziwa. Mukaunjika matumba kumbuyo, goli limadzuka m'mwamba. Mukaunjika kutsogolo, limakanikiza ng'ombe mpaka kufuna kugwada. Ndege nayonso ili ndi pamene kulemera kwake konse kumayenera kukumana, ndipo pamenepo pali malire, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anthu, katundu wa kunsi ndi mafuta, zonse zimawerengedwa n'kulembedwa papepala limene kaputeni amasaina. Pepala limenelo ndi limene limauza oyendetsa mmene atchere timapiko ta kumchira, ndi liwiro limene ndege iyenera kufika kuti idzuke. Anthu akasamukasamuka mwakachetechete, pepalalo layamba kunama, ndipo amene likuwanamiza ndi anthu awiri amene agwira moyo wanu m'manja.

Kodi mumadziwa kuti mu Januwale 2020 ndege ya Wizz Air inavuta kudzuka pabwalo la Luton ku England chifukwa cha mmene anthu anawakhazikira? Ulendowo unali wa ku Prague ndipo unayenera kuyenda ndi Airbus A320, koma panabwera A321, imene ndi yaitali. Anthu 157 anakhala motsata mipando ya ndege yaifupi ija, kumbuyo kuli pululu. Woyendetsa atakoka kuti mphuno idzuke, mphuno inakana. Anachita kuthira mphamvu zonse za mainjini kuti achoke pansi. Palibe anavulala, koma ofufuza ngozi za ndege a ku Britain analemba lipoti lathunthu.

Nanga mumadziwa chifukwa chake amayeza chikwama chanu koma inuyo osakuikani pasikelo? Anakuyezeranitu. Malamulo a ku Ulaya amaika mwamuna pa makilogalamu 88, mkazi pa 70, mwana pa 35, kuphatikizapo kachikwama ka m'manja. Mu Julayi 2020 kompyuta ya kampani ya TUI inatenga aliyense wolembedwa kuti "Miss" ngati kamwana. Akazi aakuluakulu 38 ochoka ku Birmingham kupita ku Majorca anawerengedwa ngati ana, ndege n'kunyamuka ili ndi makilogalamu oposa 1,200 amene oyendetsa sankawadziwa. Amenewo ndi matumba 24 a chimanga. Ku Australia mu 2014 zinachitika mobwerera kumbuyo: ana a sukulu 87 amene anakhala chakumchira m'ndege ya Qantas yochoka ku Canberra kupita ku Perth anawerengedwa ngati akuluakulu, kaputeni n'kupeza mphuno ikulemera, nachita kukoka mwamphamvu.

Zimenezi zinathera m'malipoti. Ya pa 8 Januwale 2003 inathera kumanda. Kandege ka Air Midwest, mtundu wa Beechcraft 1900, kanagwa katangonyamuka ku Charlotte ku America, anthu onse 21 n'kufa. Zingwe zowongolera timapiko ta kumchira anali atazimanga molakwika pokonza ndegeyo, komanso inali italemera mopitirira muyeso, makamaka kumbuyo. Itadzuka, mphuno inaloza kumwamba osamveranso woyendetsa. Ngozi imeneyi inachititsa kuti dziko la America likweze kulemera kumene limaganizira munthu aliyense wokwera ndege.

Ku Bandundu m'dziko la Congo, pa 25 Ogasiti 2010, kandege ka Filair kanagwa katatsala pang'ono kutera. Anthu 20 anafa, mmodzi yekha n'kupulumuka. Wopulumukayo anasimba kuti ng'ona imene wina anabisa m'chikwama inatuluka, anthu n'kukhamukira kutsogolo onse nthawi imodzi. Khoti la ku England limene linafufuza imfa ya mmodzi mwa oyendetsa, amene anali wa ku Britain, silinatsimikize nkhani ya ng'onayo. Koma ng'ona ikhale apo: m'kandege kakang'ono chotero, gulu likathamangira mbali imodzi, woyendetsa akhoza kulephereratu kukawongolera.

Tinene chilungamo. M'chindege chachikulu ngati Boeing 787, munthu mmodzi kusuntha mizere iwiri sikungachigwetse. Vuto limabwera pamene ndege ili ndi anthu ochepa, aliyense n'kuona mipando yopanda anthu kutsogolo, nanyamuka khumi, makumi awiri. Ndipo ndege ikamachepa, munthu mmodzi amakula. M'ndege ya Q400 imene imadumpha pakati pa Lumbadzi ndi Chileka, akakuuzani kuti bwererani pampando wanu mpaka tinyamuke, si nkhanza. M'tindege ting'onoting'ono ngati topita ku Likoma, woyendetsa akhoza kukuyang'anani thupi n'kukuuzani yekha pokhala. Mverani.

Tipume kaye ndi zopepuka.

Kodi mumadziwa kuti m'ndege zambiri mulibe mpando wa chilembo I? Amachidumpha poopa kuti chingasokonezeke ndi nambala 1. Mukayang'ana kutsogolo, A ndi pawindo la kumanzere. M'ndege ya mipando itatu uku, itatu uku, ngati Boeing 737, A ndi F ndi pawindo, C ndi D ndi m'mbali mwa kanjira, B ndi E ndi pakati paja pamene aliyense amapathawa.

Kodi mumadziwa kuti m'ndege za Lufthansa mulibe mzere 13 ndi mzere 17? Azungu ambiri amati 13 ndi nambala yatsoka, pomwe ku Italy ndi ku Brazil amaopanso 17. Ryanair nayo imadumpha 13. Choncho musamawerenge mizere ndi chala kuchokera kukhomo. Werengani nambala yolembedwa pamwamba pa mpando, pansi pa kabati ya zikwama.

Tibwerere ku zolemera. Kodi mumadziwa kuti mipando ya pakhomo lotulukira pangozi, ija yokhala ndi malo otambasulira miyendo, ndi malo a ntchito? Pa 22 Ogasiti 1985 injini ya Boeing 737 ya British Airtours inagwira moto ndege ikuthamanga kuti inyamuke ku Manchester kupita ku Corfu. Oyendetsa anaiimitsa pansi pomwepo, komabe anthu 55 anafa, ambiri mwa iwo ndi utsi. Amene anakhala pafupi ndi kakhomo ka pamwamba pa phiko sankadziwa katsegulidwe kake. Mnzake atamuthandiza, chitseko cholemera makilogalamu oposa 20 chinagwera mkati n'kumupanikiza, masekondi amtengo wapatali n'kutayika. Kuchokera pa ngozi imeneyo anakulitsa mpata wa pamzere umenewu, ndipo lero wokhala pamenepo amafunsidwa ngati ali wokonzeka kutsegula chitseko. Ku America lamulo limati akhale wa zaka zosachepera 15, wamphamvu zokwanira, womva malangizo, wopanda khanda pamiyendo. Ndege yatsopano isanaloledwe kunyamula anthu, opanga amayenera kuonetsa kuti onse angathe kutuluka m'masekondi 90, theka la makomo litatsekedwa. Ndiye wina angodzikhazika pamenepo chifukwa miyendo yamutopa? Ine zimenezo zimandiwawa kuposa kulandidwa windo.

Kodi mumadziwa kuti tizipangizo topumira mpweya wa okosijeni, tija timagwa kuchokera kudenga mpweya ukachepa, tili ndi chiwerengero pamzere uliwonse? Pamakhala kowonjezera, koma m'ndege zina si pamzere uliwonse kapena mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake mayi wonyamula mwana wosakwana zaka ziwiri amaikidwa pamalo osankhika, ndipo makanda awiri kawirikawiri saloledwa pamipando itatu yoyandikana. Mayi wotere akasamutsidwa mwachisawawa, tsiku latsoka pakhoza kusowa kopumira mwana.

Chakudya nachonso chimatsata mpando. Amene anaitanitsiratu cha halaal, cha odwala shuga kapena cha osadya nyama, mbale yake imabwera italembedwa dzina ndi nambala ya mpando. Kwa munthu amene thupi lake limadana ndi mtedza kapena nsomba, kusokonezeka kwa mbale kukhoza kumufikitsa kuchipatala.

Kodi mumadziwa kuti azaumoyo amakufufuzani ndi nambala ya mpando? Malangizo a World Health Organization pa chifuwa chachikulu amati zikadziwika kuti wodwala amene angapatsire ena anayenda ulendo wa maola 8 kapena kuposera apo, afunidwe anthu a mumzere wake, a mizere iwiri kutsogolo ndi iwiri kumbuyo. Pa 15 Malichi 2003, m'ndege ya Air China yochoka ku Hong Kong kupita ku Beijing munali munthu mmodzi wodwala SARS. Mwa anthu 120 amene anali m'menemo, 22 anadwala pambuyo pake, ndipo mapu a mipando ndi amene anathandiza akatswiri kuona mmene matenda anayendera. Tonse tikukumbukira mafomu a nthawi ya Covid-19 ofunsa nambala ya mpando. Mukakhala pa mpando wa wina, foni yochenjeza ipita kwa amene sanali pafupi ndi wodwala, inu amene munapuma naye mpweya umodzi muli phee kunyumba ndi ana.

Mpando wopanda munthu ukhozanso kuchedwetsa ndege yonse. Pa 23 Juni 1985 bomba linaphulitsa ndege ya Air India kufupi ndi gombe la Ireland, anthu 329 n'kufa. Linali m'chikwama cha munthu amene sanakwere. Lero pa maulendo opita kunja, chikwama cha munthu amene sanaoneke pakhomo chimatsitsidwa. Chiwerengero cha anthu chikapanda kugwirizana ndi cha papepala, ogwira ntchito amapita pampando wa amene akumukayikira. Akapeza palibe munthu chifukwa mwiniwake wakadzikhazika kwina, ndiye kuyamba kuitana maina, kuwerenganso mitu, ena mazana awiri akudikira.

Kodi mumadziwa kuti pa 12 Juni 2025, Boeing 787 ya Air India itagwa ku Ahmedabad ili ndi anthu 242, amene anapulumuka anali mmodzi yekha, wa pampando 11A, pafupi ndi khomo? Sikuti 11A ili ndi mankhwala. Ngozi iliyonse ili ndi kagwedwe kake. Koma ofufuza amadalira mapu a mipando kuti amvetse chifukwa chimene uyu anapulumukira, uyo ayi, ndipo zimene amapeza ndi zimene zimakonzetsa malamba, mipando ndi makomo a ndege za mawa.

Mbiri ya oimba ili ndi kusinthana mipando kumene sikuiwalika. Usiku wolowera pa 3 Febuluwale 1959, ku Clear Lake m'chigawo cha Iowa, Buddy Holly anachita hayala kandege kuti athawe kuzizira kwa m'basi. Waylon Jennings anapereka malo ake kwa J. P. Richardson, wodziwika kuti The Big Bopper, amene ankamva chimfine. Ritchie Valens, mnyamata wa zaka 17, anapeza malo ake poponya kakobidi ndi Tommy Allsup. Kandegeko kanagwa katangonyamuka, onse atatu n'kufa pamodzi ndi woyendetsa. Jennings anakhala ndi moyo mpaka 2002.

Tsono bwanji anthu amakhalabe pamipando ya eni? Ife tinakulira m'minibasi, mmene mpando ndi wa amene wafika msanga. Umaponya chitenje kapena jumbo kudzera pawindo kuti ugwire malo, kondakitala n'kumakuwa kuti tiyeni tithinane anayianayi. Si ife tokha. Kampani ya Southwest Airlines ku America inayenda choncho kwa zaka zoposa 50: walowa msanga, wasankha. Mu Julayi 2024 inalengeza kuti ikusiya, ndipo inaika tsiku la 27 Januwale 2026 kukhala loyamba la mipando ya manambala. Ku Ulaya, easyJet inasiya mpikisano wothamangira mipando mu 2012, Ryanair mu 2014.

Kodi mumadziwa kuti windo limene mukulandalo mwina mwiniwake analigula padera? Lipoti la komiti ina ya nyumba ya malamulo ya Senate ku America, limene linatuluka mu Novembala 2024, linapeza kuti makampani asanu, American, Delta, United, Frontier ndi Spirit, anatolera madola 12.4 biliyoni kuyambira 2018 mpaka 2023 pongolipiritsa anthu kusankha mipando. Ndipo ndalama pambali, simudziwa chimene munthu anasankhira malo akewo. Wa m'mbali mwa kanjira mwina ali ndi vuto la chikhodzodzo, kapena bondo lochitidwa opareshoni. Wa pawindo mwina amachita nseru akapanda kuona kunja. Sakuyenera kukufotokozerani matenda ake kuti mumusiyire chake.

Apa makampani nawonso ndiwadzudzule. Ukagulitsa tikiti yotchipa n'kumwaza banja, mayi mzere 8, mwana wa zaka zinayi mzere 25, pokhapokha alipire zowonjezera, wayatsa moto umene adzauzime ndi anthu osalakwa m'kanjira muja. Mayiko ena analowererapo. Ku Canada, malamulo a 2019 amati mwana wosakwana zaka 5 akhale pambali penipeni pa kholo lake, wa zaka 5 mpaka 11 akhale mumzere womwewo osatalikirana kuposa mpando umodzi, wa zaka 12 ndi 13 asatalikire kuposa mzere umodzi, zonsezi popanda kuwonjezera ndalama. Italy inaika lamulo lofanana nalo mu 2021, India mu 2024. Kholo loyenda ndi mwana, nenani nkhaniyi pogula tikiti kapena pakauntala popereka zikwama, pamene kompyuta ikadali ndi mipando yosinthira. M'ndege muja mwachedwa.

Kodi mumadziwa kuti kukana kupereka mpando kunafikitsa anthu kukhoti ku Brazil? Mu Disembala 2024, mayi wina wachitsikana anapeza kamwana pampando wake wa pawindo m'ndege ya GOL. Kanachotsedwa, kanalira, iye sanagonje. Wokwera wina anamujambula pafoni akumunyoza kuti alibe chifundo, vidiyo n'kufalikira dziko lonse. Anthu ochuluka anaikira kumbuyo wojambulidwayo, ndipo iye anasumira kampaniyo ndi amene anamujambula. Mwana kulira n'chibadwa, ndipo mtima umapweteka kumumva. Koma kuloza kamera pankhope ya munthu amene wangokhala pamalo ake, kumeneko n'kumuvula pagulu.

Ku Israel nkhani inali ina. Mu Disembala 2015 mayi Renee Rabinowitz, a zaka 81, loya wopuma pantchito amene anathawa chipani cha Nazi ali mwana, anapemphedwa kuchoka pampando wawo m'ndege ya El Al yochoka ku Newark kupita ku Tel Aviv, chifukwa bambo woyandikana nawo sankafuna kukhala pafupi ndi mkazi pa zifukwa za chipembedzo. Anasamuka, koma anakasuma. Mu Juni 2017 khoti la ku Jerusalem linagamula kuti ogwira ntchito m'ndege asapemphenso munthu kusamuka chifukwa choti ndi mkazi, ndipo mayiwo analandira mashekeli 6,500.

Nkhani za mpando zimapita patali. Pa 7 Juni 1893 loya wachinyamata wa ku India anatsitsidwa m'sitima pasiteshoni ya Pietermaritzburg ku South Africa atakana kuchoka m'chipinda cha first class, chikhalirecho tikiti yake inali ya momwemo. Dzina lake Mohandas Gandhi.

Kodi mumadziwa kuti chitseko chikatsekedwa, mawu a kaputeni ndi lamulo? Pangano la ku Tokyo la 1963, limene mayiko oposa 180 analivomereza, limamupatsa mphamvu zoletsa, zomanga ndi zotsitsa aliyense amene akusokoneza bata kapena chitetezo m'ndege. Pangano lowonjezera la ku Montreal la 2014, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, linapatsanso dziko limene ndege yatera mphamvu zozenga mlandu munthu wotere. Kukhala pampando wolakwika si mlandu. Kukana kuchoka ogwira ntchito atakuuzani, pamenepo ndiye mwayamba kuitana apolisi.

Mphamvu yomweyo imagwiranso mwini mpando. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta patikiti: makampani ambiri salonjeza kuti mpando umene mwasankha ndi wanu zivute zitani. Ndege ikasinthidwa, mpando ukathyoka, kapena kulemera kukafuna kukonzedwa, akhoza kukusunthani. Ngati munalipira padera, sungani lisiti ndi boarding pass, mukaitanitse ndalama zanu mukatera.

Koma mphamvu ili ndi malire, ndipo dziko linaona malirewo pa 9 Epulo 2017. Pabwalo la O'Hare ku Chicago, ndege ya United Express yopita ku Louisville inali itadzaza, anthu atakhala kale, pamene kampani inafuna mipando inayi ya antchito ake. Dokotala David Dao, wa zaka 69, anakana kutsika, nati ali ndi odwala oti akawaone m'mawa mwake. Achitetezo a pabwalopo anamukhwekhwereza m'kanjira magazi ali chuchuchu, mphuno itathyoka, mano awiri atachoka. Kampaniyo inapepesa, inagwirizana naye kunja kwa khoti, ndipo inakweza ndalama zopatsa wolola yekha kutsika kufika madola 10,000. Lero ku America munthu amene wakwera kale sachotsedwa mokakamiza chifukwa chongoti mipando yachepa.

Abale athu okhala ku Ireland, ku Germany ndi kwina mu European Union, gwirani iyi. Lamulo nambala 261 la 2004 limati mukanyamukira m'mayiko amenewo, ndi kampani iliyonse, n'kukanizidwa kukwera chifukwa agulitsa matikiti ochuluka kuposa mipando, pa ulendo wopitirira makilomita 3,500 chipukuta misozi chake ndi mayuro 600. Akakutsitsani kuchoka ku business class kupita ku economy pa ulendo wautali chotero, akubwezereni 75 peresenti ya mtengo wa tikiti.

Kodi mumadziwa kuti mpando woyamba kugulitsidwa pa ulendo wa ndege wa tsiku ndi tsiku unachita kulimbiranidwa pa okushoni? Pa 1 Januwale 1914, Abram Pheil, amene anakhalapo meya wa St. Petersburg ku Florida, analipira madola 400 kuti awoloke kupita ku Tampa ndi woyendetsa Tony Jannus. Ulendo wa mphindi 23, wokwera mmodzi yekha.

Ndipo makompyuta osungitsira malo m'ndege anabadwa chifukwa cha anthu awiri amene anakhala moyandikana. Mu 1953 C. R. Smith, mkulu wa American Airlines, anapezeka pambali pa R. Blair Smith, wogulitsa makina a IBM, pa ulendo wochoka ku Los Angeles kupita ku New York. Macheza awo anabala SABRE, imene inayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1964. Poyamba paja malo ankasungidwa pamanja, pamakhadi.

Si onse okhala pampando wa eni amene ali akuba, ndipo ichi ndikufuna chimveke. Wopita ku London kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi amapatsidwa ma boarding pass awiri, ndipo n'kosavuta kuwerenga nambala ya ulendo winawo. Pakapepala komweko pali nambala ya geti, nambala ya gulu lokwerera, nambala ya ulendo. Kwa woyamba kumene, zonsezi ndi nkhalango. Nthawi zina ndege ikasinthidwa mochedwa, anthu awiri amapezeka ndi nambala imodzi, onse olondola. Choncho mukapeza munthu pamalo panu, yambani ndi moni. Muonetseni kachiphaso kanu, muone kake. Safunsa anadya phula. Zikavuta, musakweze mawu, musamukhudze, musatulutse foni; imani pambali kuti ena adutse, muitane wogwira ntchito. Iye ali ndi mndandanda wonse m'manja.

Pobwerera kuchokera ku Joni ulendo womwe uja, pampando wa pakati pambali panga panakhala agogo aakazi, duku kumutu, juzi pamwamba pa chitenje. Anapita pabasi kukathandiza mwana wawo amene anali atangobereka, ndipo mkamwini anawagulira tikiti ya ndege yobwerera. Kanali koyamba. Ponyamuka anagwira mkono wa mpando ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda chamumtima. Titakwera pamwamba anayamba kusuzumira, khosi kutalika, kenako anandigwira pamkono. "Mwananga, tikamayandikira kwathu mundibwerekeko pawindopo, ndione dziko mmene limaonekera kumwamba kuno." Ndinauza mnyamata amene ankatigawira tiyi, iye anavomera pakuti unali mzere womwewo, tinasinthana. Mtsinje waukulu utayamba kunyezimira pansi ndinawauza kuti ndi Zambezi. Anaika dzanja pakamwa, osalichotsa kwa nthawi yaitali.

Windo lomwelo ndinawakaniza bambo aja, agogowa ndinawapatsa ndi mtima wonse. Mwambo wathu wopatsa akulu mpando ndi wabwino, ndipo ndimaunyadira. Koma amene amadzuka ndi mwini mpando, mwa kufuna kwake, atapemphedwa kapena ataona yekha.

Ndiye inu amene muli ndi ulendo posachedwapa, mukalowa pitani kaye pampando wolembedwa pa boarding pass yanu, mukhale pomwepo mpaka ndege inyamuke. Ngati mukufuna kusinthana ndi wina, dikirani mwiniwake afike, mumupemphe muli chiimire, osati mutakhala kale pamalo pake. Mupatseni mpando wofanana ndi wake kapena woposa. Musapemphe windo la kutsogolo n'kupereka pakati pa kufupi ndi chimbudzi. Akati ayi, thokozani, mubwerere. Akati inde, uzani wogwira ntchito m'ndegemo musanasamuke.